Mmene rimoti inandichedwetsera chitengwa

Anthu akandifunsa chifukwa chake ndikadali pachikamwini kwa Champiti pomwe nyumba yanga ya malata ili chiimire kwathu ku Kandeu, ndimayankha kuti dothi la kuno limabereka bwino mbatatesi. Dothilo limaberekadi, koma chifukwa chake si chimenecho. Chifukwa chenicheni ndi mtsikana wina wa ku India amene sindinakumanepo naye, ndipo iye sadziwa n'komwe kuti padziko pano pali ine.

Ndiyambe ndi chikamwinicho. Nditakwatira mayi a Chisomo ndinakakhala kwawo, monga amachitira amuna ambiri kuno, ndipo ndinadzipereka ndithu. Ndinalima munda wa apongozi, ndinafolera khitchini yawo, ndinakumba chimbudzi chatsopano chakuya moti anthu ankabwera kudzasuzumira. Zonsezi ndinkachita maso ali pa chinthu chimodzi, chitengwa, kuti akuchikazi andilole kutenga banja langa n'kupita nalo kwathu. Ku Kandeu ndinali nditamanga kale nyumba ya njerwa zootcha, zitseko zili m'malo, ndipo mayi a Chisomo anali atasankha kale pomwe adzaike kabati ya mbale. Iwo ndiwo ankafunitsitsa kuposa ine, chifukwa munthu wa ana awiri kumauzidwabe ndi mayi ako kuti ndiwo zachepa mchere, zimatopetsa. Achimwene anga a Lefani, omwe ndi ankhoswe anga, anali atayenda maulendo angapo kwa a Zingani, amalume awo a akazi anga, ndipo tsiku linapezeka: Loweruka lina akuluakuluwo adzakhale pansi n'kutsiriza nkhaniyo. Chomwe chinatsala n'chakuti ine ndikhale munthu kwa sabata imodzi yokha basi.

Tsono apongozi anga, a Nagama, ndi a mwambo. Ndikudziwa kuti masiku ano kuli akamwini amene amadyera mbale imodzi ndi apongozi awo aakazi, mpaka kumajambulitsa nawo pafoni atagwirana m'mapewa, koma pakhomo pano ayi. Chiyambire ukwati wanga ndinali ndisanawayang'anepo m'maso. Tikakumana panjira ya kudimba, ine ndinkapatuka n'kulowa m'chimanga, n'kunjuta ndikuwomba m'manja mpaka adutse (tsiku lina ndinanjuta pa linthumbu, koma ndinapirira mpaka anapotera kuseri kwa chulu). Mphasa imodzi sitikhalira, mawu sitipatsana mwachindunji. Ndikafuna kubwereka khasu, nkhaniyo imadzera kwa mayi a Chisomo ngakhale eni khasuwo ali pomwepo. Si chidani, ndi ulemu, ndipo pa ulemu umenewu ndinali katswiri. Azimayi a pamjigo ankauza ana awo aakazi kuti mukafuna mwamuna, mupeze wonga bambo a Chisomo.

Zinthu zinayamba kusokonekera alamu anga omwe ali ku Joni atatumiza TV, sola ndi batire kuti mayi awo asamasungulumwe, pakuti apongozi aamuna anatisiya kale. Ku Kandeu kuli anthu othira mafilimu m'fulashi, ndipo mayi a Chisomo anabwerako ndi sewero lina la ku India lomasuliridwa m'Chichewa. Womasulirayo ndi mwamuna mmodzi yekha, koma amalankhulira aliyense: bambo, mayi, khanda, ngakhale galu akauwa amatiuza zomwe akutanthauza. Maina a kwawoko anawataya n'kupereka ake. Mtsikana wamasiye wa maso aakulu, wantchito m'nyumba ya anthu olemera, anamutcha Esinati. Mkazi wa mwini nyumbayo, wolusa, wovala ndolo zofika m'mapewa, anamutcha Doro. Nkhani yake ndi yakuti Doro amazunza Esinati, Esinati amalira, ndipo mwini nyumba amaima pawindo kuyang'ana kutali nyimbo ikulira.

Poyamba ndinkanyoza. Ine ndinakulira m'mavidiyo sho, ndipo kwa ine filimu ndi yomwe munthu mmodzi wopanda malaya amamenya anthu odzaza lole. Za kulirazi ndinkati n'za azimayi. Koma tsiku lina nthambo ya sola inamasuka, ndinakwera pampando panja pafupi ndi windo kuti ndikonze, ndipo ndinangoti ndisuzumire ngati chithunzi chabwera. Chithunzi chinabwera, ine osatsika. M'mawa mwake nthamboyo inamasukanso (nthambo ukaidziwa bwino imamasuka tsiku lomwe ukufuna). Posakhalitsa aliyense anazolowera: azimayi m'nyumba pamphasa, ine pakhonde pa kampando, mutu uli pawindo, ndikuona TV ndi kumbuyo kwa duku la apongozi. Mwambo sunasweke, poti sitinali m'chipinda chimodzi.

Vuto langa n'lakuti sinditha kuonera chinthu osanenapo kanthu, ndipo ndinali kumbali ya Doro. Inde ndi wolusa, sindikukana, koma nyumbayo ndi yake, mwamunayonso ndi wake. Nanga Esinatiyo bwanji amalira pokhapokha bwana akalowa? Munthu wolira zenizeni amatuluka mamina, maso amatupa, koma iye misozi imatsika mwadongosolo, zodzola zakumaso osasuntha. Apongozi anali a Esinati ndi mtima wonse, ankamutchula kuti mwana wanga, ndipo akayamba kulira ankamuuza kuti apirire, Mulungu akuona. Choncho mayi a Chisomo, amene ankakhala pansi pa windo, anasanduka foni yathu.

Ndikati, "Auzeni amayi kuti Esinatiyo ndi njoka," iwo ankatembenuka n'kunena kuti, "Akuti seweroli lafika pokoma." Apongozi, amene anali pafupi moti amva kale zonse, ankayankha maso ali pa TV: "Uwauze bambo a Chisomo akapimitse maso kuchipatala, ng'ala imayamba choncho." Ndipo mayi a Chisomo ankanditembenukira n'kuti, "Akuti zikomo." Tinakhala choncho kwa miyezi, ndipo ndinene zoona, inali miyezi yokoma.

Lamulungu la sabata ya chitengwayo, titaweruka kutchalitchi, kunabwera azimayi a kumpingo angapo kudzaonera, mphasa inadzaza. Dzuwa linali litawala bwino, batire yakhuta. M'gawo la tsikulo Doro anaponda mafuta omwe wina anathira pa masitepe, anaterereka n'kugubuduka mpaka pansi (masitepe a m'nyumba imeneyo ndi aatali, anagubuduka nthawi yoti munthu n'kumwa madzi n'kubweza kapu). Kenako, monga mwa chizolowezi chawo, anayamba kutionetsa nkhope ya aliyense mmodzimmodzi, ng'oma ikugunda: bwana wadabwa, wophika wadabwa, agogo a m'nyumbamo adabwa. Itafika nkhope ya Esinati, ndinaona. Kanali kanthawi kochepa ngati kuphethira, koma mlomo wake unakwera mbali imodzi. Anamwetulira.

Ndinanong'oneza mayi a Chisomo kuti auze amayi. Iwo anandiyang'ana n'kunena motsitsa kuti lero kuli alendo, ndikumbukire Loweruka. Ndinabwereza mokwezako, kuti uthengawo udziyendere wokha. Apongozi anauza mwana wawo kuti mwana wamasiye wozunzika chotero sangasekere munthu wovulala, ndiponso kuti anthu ena amaonera ndi nsanje m'malo mwa maso. Azimayi anaseka. Zikanathera pomwepo, chifukwa kusekedwa ndinali nditazolowera, koma mayi wina mwa alendowo, amene seweroli anali atangolilawa dzulodzulo, anaponya mawu akuti amuna nkhani zakuya ngati izi sazitsata, abwerere ku makarate awo.

Apa ndi pomwe mutu unaima. Sindikumbuka kuti ndinadutsa pakhomo, koma ndiyenera kuti ndinadutsapo poti windolo lili ndi zitsulo. Ndinangozindikira ndili pakati pa mphasa, nditagwada, ndatsomphola rimoti m'manja mwa apongozi, ndikubweza filimu m'mbuyo. Doro anakwera masitepe chafutambuyo n'kugwanso. Bwana anadabwa, wophika anadabwa, agogo anadabwa, ndipo pa Esinati ndinaimitsa.

"Amayi, taonani nokha! Uku si kuseka uku? Taonani mlomowo!"

Ponena mawu amenewa ndinali kuwayang'ana m'maso. Ndi pomwe ndinadziwa kuti apongozi anga ali ndi kachipsera pamwamba pa diso lamanzere, kanthu komwe zaka zonsezi ndinali ndisanakaonepo. Pang'onopang'ono thupi linayamba kundiuza komwe lili: dzanja lamanja lili ndi rimoti, lamanzere lagwira mkono wa apongozi, ndipo bondo langa lapanikiza chitenje chawo pamphasa. Anayesa kudzuka kuti athawe, chitenje chinakana. Anakhalanso pansi n'kudziphimba kumaso ndi duku. Pa TV Esinati anali chimwetulire, umboni wanga uli poyera, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankayang'ana kumeneko.

"Bambo a Chisomo," anatero akazi anga, mawu ali ozizira, "chotsani bondo."

Ndinachotsa bondo, ndinatuluka chafutambuyo ndikuwomba m'manja, ndipo ndinayenda osadziwa kopita mpaka kudimba. Nditakhala pa mzere wa kabichi ndi pomwe ndinamva kanthu kakundibaya m'nthiti. Inali rimoti, m'thumba la jekete la kutchalitchi. Ndiye kuti m'nyumba muja azimayi anatsala akuyang'anizana ndi nkhope yoima ya Esinati, poti TV imeneyo popanda rimoti ndi galasi chabe. Kubweza kwake inali ntchito ina. Mayi a Chisomo anakana kuinyamula, anati dzanja lomwe linatenga ndi lomwelo libweze. Ndinakaiika pakhonde la apongozi, ndinanjuta, ndinawombera m'manja chitseko chotseka, nkhuku zikundiyang'ana.

Pofika Lolemba nkhani inali itafika mpaka kumidzi ya kwa Mlangeni, ndipo inakula panjira: ena anamva kuti ndinakhala pamiyendo pa apongozi, ena kuti ndinavina nawo. Kuchigayo anthu anayamba kunditchula kuti a Doro. Azimayi a pamjigo anasintha malangizo kwa ana awo. Mayi a Chisomo sanakalipe, zomwe zinali zoopsa kuposa kukalipa. Anangotulutsa mbale zomwe anali atalongedza kale m'katoni n'kuyamba kuzibwezera m'malo mwake imodziimodzi, ine ndikuona. Zimenezi zinandipweteka zedi, chifukwa ndinadziwa kuti nyumba yomwe ndaiseweretsayo si yanga ndekha. Achimwene atamva anandiimbira foni n'kundifunsa ngati ndinali nditamwa. Nditati ayi, anati bola ndikanamwa, akanakhala ndi chokanena. Anandilamula kuti ndipeze tambala wamkulu wopepesera, ndiponso kuti Loweruka pakamwa panga padzakhale potseka.

Loweruka tinakhala pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba: a Zingani ndi achimwene pamipando, ine pachitsa, tambala womangidwa miyendo ali pambali panga. Apongozi anakhala chapatali pafupi ndi nkhokwe atatipatsa msana, mayi a Chisomo ali pambali pawo. A Zingani anayamba n'kunena kuti chitengwa chisanakambidwe pali mlandu woti uyambe wachoka panjira. Achimwene analankhula bwino moti ine ndemwe ndinayamba kudzikhululukira. Anati mng'ono wawoyu ndi mwana, dzuwa la tsiku lija linamulowa m'mutu, anatchula munda, khitchini ndi chimbudzi chija, kenako anakankhira tambala patsogolo. A Zingani anamunyamula kuyesa kulemera kwake, n'kugwedeza mutu mokhutira. Anati munthu amalakwa, nkhani yatha, tilowe ku chitengwa. Ndinapuma.

Kenako, akumuika pansi tambalayo, anangofunsa ngati munthu wofunsa za mvula:

"Koma nanga mtsikanayo, anasekadi?"

Achimwene anandiponda chala. Yankho linali lapafupi, ngakhale mwana akanalipeza: sindinaone bwino, amalume, dzuwa linkathwanima pagalasi. Ndinalimva yankholo likubwera, linafika mpaka pakhosi. Koma chomwe chinatuluka n'chakuti, "Anaseka, amalume. Mbali ya kumanzere."

Zinapezeka kuti a Zingani, mkulu wa mpingo wa imvi zake, munthu woti anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni, seweroli amalionera pafoni tsiku lililonse akachoka kumunda, ndipo safuna kumva wina akuipitsa Esinati. Anaimirira. Anati anthu achinyengo anawaona ambiri kumigodi, ndipo maso a mwana uja si achinyengo. Ndinayang'ana achimwene kuti andithandize. Achimwene anakhosomola n'kunena kuti iwo sewerolo saonera, amangodutsa akazi awo akamaonera, koma m'kudutsa kwawoko aona kuti Doro kugwa kuja kunamuyenera, ndipo masitepewo anachepa. Ankhoswe anga enieni, amene anabwera kudzandilankhulira. Ndinatsala ndekha, koma sindinagonje. Ndinawafunsa kuti nanga angathire mafuta pa masitepe ndani ngati si munthu amene amakolopa nyumbayo. A Zingani anati ndi wophika. Achimwene anati agogo aja sakuwakhulupirira, amakhala chete kwambiri. Mthunzi wa mapichesi unatichokera n'kupita kwina ife osasuntha, tambala anamasula chingwe n'kuyamba kutola zake pabwalo, ndipo mawu akuti chitengwa sanatchulidwenso. Nditaponya maso kunkhokwe, ndinaona mayi a Chisomo atagwira mutu ndi manja onse awiri.

Anatiletsa ndi apongozi. Sanatembenuke, anangokhosomola, ndipo tonse tinakhala pansi ngati ana a sukulu.

"Uwauze bambo a Chisomo," anatero kwa mwana wawo, mokweza kuti tonse timve, "kuti alendo atapita ndinabwezanso ndekha. Mtsikana uja anaseka."

Abale, chimwemwe chomwe ndinamva sindinachimvepo ngakhale tsiku lomwe ndinakhomera lata lomaliza ku Kandeu. Ndinayang'ana a Zingani, ndinayang'ana achimwene, chifuwa chikukula. Koma apongozi anali asanamalize.

"Uwauzenso kuti tambala ndalandira, koma bondo lawo lisadzayandikenso nsalu yanga. Chitengwa ndalola. Adzapite seweroli likatha. Pakhomo pano ena onse amangolira nawo, woona zinthu ndi mmodzi yekha, ndiye nditsale ndi yani nkhani ili pakati?"

Uthenga umenewu mayi a Chisomo sanaufewetse, sanaubwereze n'komwe. A Zingani anati ndi mawu abwino, achimwene anathokoza, ndipo ine ndinawomba m'manja kuposa onse, chifukwa ndinkadziwa kuti m'fulashi mwatsala magawo ochepa. Ndinauza akazi anga kuti abwezere mbale m'katoni, pofika nthawi yokolola tidzakhala tili kwathu.

Tsiku la msika ndinapita ku Kandeu kwa wothira mafilimu uja kukatenga magawo omaliza. Anandiyang'ana, n'kuitana mnzake kuti adzamve nawo. Anati zomwe taonerazo ndi chiyambi chabe, Esinati sanakwatiwe n'komwe. Adzakwatiwa, adzabereka, anawo adzakula n'kuyamba mikangano yawoyawo, womasulira uja sanafike ndi pakati pomwe, ndipo ku Indiako akujambulabe. Pobwerera ndinadzera pa nyumba yanga. Achimwene anali ataikamo kale matumba a chimanga, akuti kuti isamakhale yokha.

Ndiye ndikadali pano. Mwana wathu wachiwiri, amene ankayamwa nthawi imeneyo, tsopano akupita kusukulu. Pawindo anachotsapo katani, ndipo pa kampando kanga apongozi anatumiza kapilo. Anthu amandifunsa ngati ndinaphunzirapo kanthu, ndipo ndimati inde: wamkulu akakufunsa ngati mtsikana wa pa TV anaseka, umati sunaone bwino. Amene akuvutika ndi mayi a Chisomo. Kale ankalira naye limodzi Esinati, koma tsopano Lamulungu lililonse, tsiku lomwe timaonera gawo latsopano, amakhala patsogolo penipeni kudikira kuti mtsikanayo afe. Sabata yatha Esinati anagundidwa ndi lole, ndipo akazi anga anadzuka pamphasa n'kuima manja ali pachifuwa, dokotala akutuluka m'chipinda pang'onopang'ono nkhope ili yakugwa. Gawo linathera pomwepo. M'mawa mwake ndinawamva akuimba uku akusesa pabwalo, ndipo anandifunsa ngati katoni ija ikadali yolimba. Ine ndinali nditaona chala cha Esinati chikugwedezeka kunsi kwa nsalu, koma ndinadzilonjeza kuti ulendo uno ndikhala chete, akazi anga asangalaleko sabata imodzi. Ndinakwanitsa mpaka Lachiwiri.